Mmene Ndinaphera Livingstone Kachiwiri

Kwathu amandidziwa kuti ndine wapakamwa. Pa chinkhoswe, pa maliro, ngakhale pa mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni, abale amakankhira ine kutsogolo. Poyambira ndimapadziwa: kulemekeza mafumu, kupereka ulemu kwa akumpingo, kuponya mwambi, kenako n'kufika pa nkhani anthu atakhazikika. Luso lomweli ndi lomwe linandigwetsera m'mbuna.

Ndikusunga mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3. Tsiku lina madzulo ndinamupeza atagwira tsaya, kope lili pamwendo, tsamba lili mbee. Aphunzitsi a Chichewa anali atawapatsa chimangirizo choti afotokoze zifukwa zomwe zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda mu 1915, ndipo chisapitirire masamba awiri.

"Amalume, mfundo ndili nazo, koma chiyambi ndiye chikundikanika," anatero.

Munthu wanzeru akanayamba wafunsa zomwe aphunzitsi ananena m'kalasi. Ine ndinangoti, "Bwera nacho kuno cholemberacho, iwe kathandize kukhitchini."

Ndinayamba ndi mawu akuti kuyambira kalekale anthu akhala akukumana ndi mavuto osiyanasiyana. Chiganizochi chinandikomera chifukwa palibe angachitsutse. Sindinaganize kuti chikhozanso kuyamba chimangirizo cha ulimi wa fodya, cha mpira kapena cha kolera, osasinthamo ndi lemba limodzi lomwe. Kuchoka apo ndinapita kwa Aisraeli ku Iguputo. Pobwerera ndinatsagana ndi Amaravi pa ulendo wawo wochokera ku Uluwa, ndinaima pang'ono kwa Jumbe ku Nkhotakota kudandaula za malonda a akapolo, ndinalandira David Livingstone pa nyanja mu 1859, n'kukweza mbendera ya Britain mu 1891. Ndinaikamonso mwambi woti mutu umodzi susenza denga, ngakhale panalibe denga lililonse lofuna kusenzedwa.

Dzina la Chilembwe linatulukira chakumunsi kwa tsamba lachiwiri, ndime ikadali yomweyo. Pofuna kuti chiyambi chithe mwamphamvu, ndinalemba kuti anyamata a Chilembwe anadula mutu wa David Livingstone ku Magomero.

Mtsikana uja anawerenga mwakachetechete, kenako anandiyang'ana chammbali. "Amalume, nanga zifukwa zija ndizilemba pati?"

"Zipanikize m'munsimo," ndinatero. "Aphunzitsi pofika pamenepo akhala atakhuta kale."

Mwana woleredwa bwino satsutsa amalume ake. Anakopera zonse ndi dzanja lake n'kukapereka.

Patapita masiku tinaitanidwa ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Monga mwa chizolowezi changa, ndinakhala mpando wakutsogolo. Nkhani ya fizi ndi ya zimbudzi zitatha, mayi wina wofatsa, mphunzitsi wa Chichewa uja, anaimirira, kope lili m'manja. Anati akufuna atiwerengere ntchito ya wophunzira wina, koma dzina satchula. Nditangomva "kuyambira kalekale" ndinakonza kolala ya shati, n'kupinda mwendo pa unzake. Mumtima ndinkati lero sukulu yonse idziwa kuti pali nyumba zina zomwe zili ndi anthu.

Kuseka kunayambira ku Iguputo. Pofika kwa Jumbe, amayi akumbuyo anali akupukuta misozi ndi zitenje. Atafika pa Magomero, gogo wina wa ndodo anafuula kuti, "Munthu anamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, nanga anauka liti kuti adzaphedwenso?" Aphunzitsi anadikira kuti phokoso lizizire, ndipo analongosola kuti amene anaphedwa ku Magomero usiku wa pa 23 Januwale 1915 anali William Jervis Livingstone, manijala wa esiteti ya A. L. Bruce. Anawonjezera kuti chimangirizochi sanalembe ndi mwana, chifukwa mwana amene anali m'kalasi sakanasokoneza anthu awiriwa.

Apa ndi pomwe ndikanangokhala chete. Koma wapampando, pondidziwa kuti ndine wapakamwa, anandipempha kuti ndiyankhulepo m'malo mwa makolo. Ndinaimirira. Ndinalemekeza ahedi, komiti ndi makolo onse. Ndinadzudzula mwamphamvu akuluakulu osaphunzira amene amalanda ana zolembera n'kumawasokoneza. Ndinati anthu otere ndi adani a chitukuko. Anthu anaomba m'manja. Ndisanakhale pansi, aphunzitsi aja anayenda pang'onopang'ono kudzafika pomwe ndinaima, n'kundipatsa kope lija ndi manja awiri.

"Zikomo bambo, mwayankhula bwino. Mumutengereko mwana wanu kope lake."

Sindikumbuka mmene ndinatulukira pa geti. Kope ndinalitsegula mu minibasi. M'mbali mwa tsamba, ndi cholembera chofiira, anali atalemba kuti chiyambi si malonje. Mlendo amayamba ndi za mvula ndi za odwala asananene chomwe wabwerera, koma wolemba chimangirizo amanena chomwe wabwerera akadali pakhomo. Pansi pake anandandalika ntchito za chiyambi: chitchule nkhani, chiyankhe funso mwachidule, ndipo chionetse mfundo zomwe thunthu litambasule, mu ndondomeko yomwe zibwerere. Anamaliza ndi kukumbutsa kuti wochonga mayeso a MANEB amakhala ndi mulu wa mapepala, ndipo amafuna adziwe msanga ngati wophunzira wamva funso.

Mtsikana uja anapatsidwa mwayi wolembanso. Ulendo uno ine ndiye ndinapita kukhitchini. Chiyambi chake chinali chotere:

"Mu Januwale 1915, m'busa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anatsogolera anthu ake kuukira atsamunda. Anachita izi chifukwa cha thangata ndi nkhanza za m'maesiteti, msonkho wa nyumba, komanso kutumizidwa kwa anthu akuda ku nkhondo ya azungu yomwe inayamba mu 1914. Chimangirizochi chifotokoza zifukwa zitatuzi chimodzichimodzi."

Ziganizo zitatu basi. Chifukwa chilichonse chinapeza ndime yakeyake m'thunthu, ndipo panatsala malo onena za matchalitchi a Chilembwe omwe ankaotchedwa pa esiteti ya Bruce, ndi za kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 yodandaula za nkhondoyo. Ndinamufunsa kuti nzeru zimenezi wazitenga kuti. Anati anayamba walemba thunthu, kenako chiyambi chinangobwera chokha, chifukwa anali atadziwa kale chomwe akulonjeza.

"Ndimafuna nditero tsiku lija, amalume, koma munandituma kukhitchini."

Anzanga amalume ndi azakhali amene mukusunga ana asukulu, mwana akakuuzani kuti chiyambi chikumukanika, musamulande cholembera. Mufunseni kuti yankho la funsolo ndi lotani, ndipo akakuyankhani pakamwa, muuzeni alembe zomwezo.