Poirot wa ku Changata

Mdani wamkulu wa mlonda ndi tulo. Anzanga pa esiteti amalimbana nato ndi fodya wa chingambwe, ena ndi tiyi wopanda shuga. Ine, pokhala munthu woti ndinapondako mu Fomu 2, ndimalimbana nato ndi mabuku. Mphwanga wa ku Joni ananditumizira memore khadi yodzaza ndi mabuku oti mzungu amakuwerengera m'khutu iwe uli phee, chibonga chili pamwendo. Onse ndi a milandu yokhayokha: kuphana, kuperekana, kubisana.

Loyamba kulimaliza linali Murder on the Orient Express, lomwe Agatha Christie anatulutsa mu 1934. Sitima yochokera ku Istanbul yatitimira m'chisanu, ndipo kutacha bambo wina wapezeka atabayidwa ka 12. Wofufuza milandu Hercule Poirot, mkulu wa ku Belgium wonyadira ndevu zake zapamlomo, atulukira kuti obayawo analiponso 12, komanso kuti malemuyo anali chigawenga chomwe chinaba n'kupha kamwana ku America koma chinazemba chilango. Ndiye Poirot ayala nkhani ziwiri, yoona ndi yopeka, nasiyira bwana wa kampani ya sitima kuti asankhe yokauza apolisi. Bwanayo asankha yopeka.

Ndinaomba m'manja ndekhandekha pakati pa chiperoni mpaka galu wa pageti anauwa. Mawa lake ndinasiya kumeta ndevu zapamlomo. Akunyumba akuti ndikuoneka ngati mlamba, koma anthu anzeru sitiyamikiridwa kwathu.

Sipanapite nthawi, mlandu unandipeza. Amene sadziwa Thyolo adziwe kuti tiyi saumitsidwa ndi dzuwa. Fakitale imadya nkhuni, n'chifukwa chake maesiteti amadzala nkhalango za bulugamu. Pomwe midzi yathu yapanikizika pakati pa minda ya tiyi, moti mtengo ukaupeza pakhomo ndiye kuti ndi wa mapeyala, ndipo ukaugwetsa amalume amakuitanitsa. Akapitawo anandiuza kuti mitolo ya bulugamu ikutuluka usiku kudzera mbali yanga.

Ndinatenga tochi, ndinapotokola ndevu, ulendo kunkhalango. Pamatope panali mapazi a jombo, ya kumanzere yokhala ndi chigamba chozungulira kuchidendene. Chigamba chimenecho ndinachizindikira msanga chifukwa ndinamata ndine, ndi labala wa chubu cha njinga. Jombozo alamu anga anabwereka dzinja lija kuti akapalire chimanga, ndipo mpaka lero akupalirabe.

Umboni wachiwiri ndinaununkhiza kunyumba. Utsi wa bulugamu subisika, umatsegula ndi mphuno zomwe.

"Mayi a Chikondi, nkhuni izi zachokera kuti?"

"Bambo a Chikondi, nsimayi mudya kapena muifunsa mafunso?"

Ndinadya. Panali kalongonda, ndipo wofufuza milandu safufuza ndi njala. Koma ndikutema mbamu yachitatu ndinayamba kuwerengetsa: wodula ndi alamu, wosenza ndi mwana wawo, wogawa ndi apongozi, wophikira ndi akunyumba, madzi osamba ndikaweruka amatenthetsedwa ndi nkhuni zomwezo. Ndisanafike n'komwe pa 12 ndinapeza kuti wofufuzayo ali pa nambala 5.

Usiku wotsatira ndinafuna uphungu kwa Mario Puzo, mu The Godfather ya 1969. Mmenemo Michael Corleone atulukira kuti mlamu wake Carlo Rizzi ndi amene anapereka Sonny, mchimwene wa Michael, kwa adani. Michael amunyengerera mpaka avomere, amukweza galimoto ngati akumuperekeza, ndipo m'galimotomo Carlo apotoledwa khosi ndi chingwe. Pambuyo pake Michael akanitsitsa kwa mkazi wake, diso lili gwa.

Ndinalimba mtima kwa mphindi zingapo, kenako ndinakumbukira chinthu chomwe Puzo sanachiganizire. Michael sanali mkamwini. Nyumba zomwe ankakhala ku New York zinali za bambo ake, ndipo wodyera pabanjapo anali Carlo. Kuno zinthu n'zotembenuza. Ine ndili pachikamwini, malo omwe ndinamangapo ndi a kuchikazi, munda wa nandolo ndi wa kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi yemwe wavala jombo zangayo. Ndikamuneneza Lolemba, pofika Lachitatu ndili pamsewu wa ku Makwasa ndi chikwama cha pulasitiki, ndevu zokhazokha. Poirot akamaliza mlandu amatsika sitima n'kumapita, sakumananso ndi anthuwo. Ine ogwidwa anga ndikhala nawo pamaliro, pachinkhoswe, ndi pamphasa ya Khirisimasi.

Choncho ndinatsata njira ya Poirot. Ndinapita kwa akapitawo nditakonza nkhani ziwiri.

"Bwana, yoyamba ndi yakuti mbava ndi yachilendo, yochokera kutali, mwina kutsidya la Ruo, ndipo inathawa."

"Yachiwiri?"

Ndinatsokomola, ndinayang'ana kumwamba, ndinayamba kufotokoza za kuchepa kwa malo m'boma la Thyolo.

Akapitawo anandidula. Anasuzumira pakhomo ngati kukubwera munthu, anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Lembani yoyambayo m'buku. Ndipo mukawauze alamu anuwo kuti mtolo wa dzana unali wauwisi, mayi akunyumba akudandaula utsi. Akapitiriza choncho ndiyamba kugula kwa ena."