Tiwaombere M'manja a Shuga

Tawanyoza mokwanira a Shuga. Tati amabowola mano a ana, tati amatupitsa mimba za akuluakulu, mpaka tinatcha nthenda dzina lawo. Ndani winanso kukhitchini analandirapo ulemu wotere? A Mchere ayesetsa zaka zonsezi, koma BP sinatchedwe dzina lawo.

Komatu akuluwa ndi asing'anga. Mukawathira pachilonda amayamwa chinyezi chonse, tizilombo n'kufa ndi ludzu. Moses Murandu, namwino wa ku Zimbabwe yemwe anakaphunzitsa pa yunivesite ya Wolverhampton, anakula akuona bambo ake akuchita zimenezi, ndipo anakaziyesa m'zipatala za ku England. Ku Blantyre nako kafukufuku wa mu 2007 anapikisanitsa shuga ndi uchi pa zilonda. Uchi unapambana pang'ono, inde, koma kodi nzimbe inalumapo munthu?

Banja lawonso ndi lophunzira. Msuweni wawo, 2-deoxy-D-ribose, sakhala m'tiyi. Amakhala mu DNA yenu, mwakachetechete, osalipira lendi. Akatswiri a ku yunivesite ya Sheffield ndi anzawo a COMSATS ku Pakistan anamuika mu hydrogel, phalaphala lonyowa lomata pabala, lomwe limamutulutsa pang'onopang'ono. Akafika pachilondapo amakopa timitsempha tatsopano ta magazi kuti timere, ndipo magazi akafika, mnofu umayamba kudzaza. Anamuyesa pa mazira a nkhuku, anamuyesanso pa makoswe, ena mwa iwo odwala shuga.

Apa ndi pamene ndimawagomera. Zilonda zokana kupola, zimene zimadulitsa anthu miyendo, kawirikawiri amazisamalira kuti zisatseke ndi a Shuga omwewa, powononga mitsempha ya magazi. Lero banja lomwelo labwera litavala yunifolomu yoyera kudzachiritsa. Ali ngati womata matayala amene amamwaza misomali pamsewu usiku, m'mawa n'kukulandirani ndi moni wansangala. Bizinesi yotere siigwa.

Ndiye pali nkhani ya tsitsi. Akatswiri aja anaona kuti ubweya ukumera msanga m'mbali mwa zilonda zija, ndipo mu 2024 analengeza kuti mbewa zothothoka ubweya zitapakidwa msuweni uja zinamera ubweya pafupifupi ngati zopakidwa mankhwala a dazi otchedwa minoxidil. Abambo a dazi, khalani kaye pansi. Zachitika pa mbewa zimenezi, osati pa inu, ndipo shuga wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa mukamupaka pamutu, oyamba kubwera kudzayendera ntchitoyo ndi nyerere.