Ixora ndi Mwini Nyumba Wakhama

Ixora ndi kachitsamba kamaluwa ofiira otuluka mothithikana kunsonga za nthambi, kochokera kummwera kwa India ndi ku Sri Lanka, ndipo akatswiri a zomera amakaika m'banja la Rubiaceae limodzi ndi khofi, ngakhale kuti chibale chimenechi sichinathandizepo aliyense wofuna chakumwa cham'mawa. Mtundu wake waufupi, umene amagulitsa m'machubu akuda m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, kawirikawiri supitirira mita imodzi.

Chomerachi chimafuna dothi la asidi, ndiko kuti dothi lomwe pH yake, muyeso wa kuchuluka kwa asidi, ili pakati pa 5 ndi 6, pafupifupi lofanana ndi lomwe tiyi amakondwa nalo ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mdani wake wamkulu si mbuzi kapena chiswe, koma mwini nyumba wakhama, ndipo mlembi wa nkhani ino ndiye chitsanzo chodalirika cha mtundu wa anthu amenewa. Munthu wotereyu amabzala ixora m'mphepete mwa khonde kuti alendo asirire, pomwe simenti imatulutsa laimu wochepetsa asidi m'dothi. Pokumbukira kuti agogo ake ankathira phulusa kudimba, naye amathira phulusa, lomwe limangowonjezera vuto lomwelo. Ndipo poopa bilu ya madzi m'mwezi wa Okutobala, amalamula kuti madzi onse asopo otsukira mbale azikatayidwa paduwapo. Mizu ikalephera kuyamwa ayironi, masamba anthete amachita chikasu n'kutsala mitsempha yokha yobiriwira, matenda otchedwa chlorosis, koma iye amafotokozera anansi mosaphethira kuti umenewu ndi mtundu wina, wodula kwambiri.

Nkhani yodulira ndiyo imamaliza zonse, pakuti Loweruka lililonse mkuluyu amatenga chikwanje n'kusadza kachitsambako kuti kakhale ka ngodya zinayi, motero nsonga zonse zoyenera kuchita maluwa zimathera kudzala, iye ali chiimire, manja m'chiuno, kudandaula kuti wogulitsa mbande anamupusitsa.

Mankhwala ake ndi odziwika: kusamutsira chomeracho kutali ndi simenti, kuthira manyowa a masamba owolerana, kuthirira ndi madzi amvula, ndiponso kubisa chikwanje. Ntchito yomalizayi mayi akunyumba sangaigwire, chifukwa iwo anayeza kale malowo ndipo mbewu ya mpiru anagula.