Mapanga awiri, njinga imodzi

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mvula yayamba, munthu wathawira kuphanga ili, waona kuti lija ndiye labwinopo, watuluka, wabwereranso, mpaka mvula yonse yamuthera pamsana. Agogo ankandilasa nawo mwambiwu ndikafuna sukulu ndi mpira nthawi imodzi. Sindinautsutsepo mpaka mu Disembala, pomwe mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yomwe akuti gravel.

Ukangoiona umasokonezeka ngati waona mleme: mbalame ayi, mbewa ayi. Mahandulo ndi opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, monga njinga za mpikisano zija. Koma matayala ndi onenepa, pafupifupi mamilimita 40, okhala ndi timano. Mkati mulibe chubu, muli timadzi toyera ngati mkaka. Munga ukabaya, timadzito timatseka tokha pabowo. Njinga yonse umainyamula ndi dzanja limodzi. Mtengo wake sanautchule pamaso pa mlongo wanga.

"Alamu, imeneyi ndi ya phula kapena ya fumbi?"

"Zonse."

"Muvumbwa."

Koma ndinaiwala kuti kuno ku Rumphi misewu nayo sinasankhe phanga. Ukachoka paboma kudzera pa Njakwa n'kulowa M1, phula limakutenga bwinobwino kudutsa Phwezi mpaka kutsetserekera ku Chiweta, ngakhale pena maenje amakukumbutsa kuti fumbi silinapite kutali. Ukalowera kumadzulo, cha ku Bolero, phula limakuperekeza ngati mwininyumba waulesi: pang'ono chabe, n'kubwerera. Kupitirira apo, kaya ukupita ku Hewe kaya ku Thazima pachipata cholowera ku Nyika, ndi mabampu okhaokha. Msewu umenewu wamva malonjezo ambiri pamisonkhano ya ndale kuposa namwali wa pamudzi.

Ndiye mlamu anaonetsa zake. Pa M1 anawerama, n'kugwira nyanga zija m'munsi, n'kumathamangitsana ndi minibasi. Atafika pa Chitimba anakhotera kuphiri, mumsewu wa Gorodi, uja wa makona pafupifupi 20 wokwera ku Livingstonia, komwe Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Galimoto zimakwera pamenepo zikulira, okweramo akupemphera. Iye anangophwetsa matayala pang'ono kuti agwire miyala, n'kuika giya yofewa ija miyendo imazungulira ngati ukupalasa mphepo. Akuti anafika pamwamba osatsikapo. Umboni ndi chithunzi chimodzi chojambulidwa pa mathithi a Manchewe, ndipo chithunzi sichinena kuti munthu anakankha kangati.

Ndinatsala pang'ono kupepesa m'malo mwa agogo.

Mwambi unapulumutsidwa ndi bambo wina wa kabaza pomwe mlamu analowera ku Bolero. Njinga yake ndi yakuda, giya imodzi, chishalo chomanga ndi mphira, pakaliyala matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50. Anaizungulira ya mlamu kawiri, akugwedeza mutu ngati wogula ng'ombe. Mlamu anayamba kufotokoza kuti ku America, m'tauni ya Emporia ku Kansas, anthu amapikisana makilomita oposa 300 pamisewu ya miyala kuyambira 2006.

"Atanyamula chiyani?"

"Palibe. Madzi akumwa basi."

"Nanga kaliyala ili kuti? Mayi akadwala usiku mumawakhazika pati?"

Mlamu anayang'ana kumapiri. Bamboyo phula ndi fumbi amazipalasa tsiku ndi tsiku, kupita ndi munthu, kubwera ndi mbuzi, ndipo palibe anamuuzapo kuti ntchito yakeyo kunja ili ndi dzina la Chingerezi komanso chisoti chake.

Pobwerera kuboma kunachita mdima wa mvula. Mvula ya Disembala siichita kupempha malo. Dothi lofiira linasanduka phala, timano ta matayala tija tinadzaza, matope n'kumatirira pafoloko mpaka gudumu linakana kuzungulira. Njingayo ilibe madigadi, poti akuti amalemeretsa. Mlamu anafika madzulo ataisenza paphewa, mzere wamatope utayambira pakabudula mpaka pankhongo, nsapato zake za zitsulo kunsi zikulira kwa! kwa! pakhonde.

Mlongo wanga anamutambasulira chitenje kuti adzipukute, ine n'kumufunsa ngati anakumana ndi wa kabaza uja panjira.

"Anandipitirira," anatero, "atafunda pepala la pulasitiki, kumbuyo atakweza munthu wogwira ambulera."