Namapopa wa ku Austria ndi waulesi

Kuyambira lero, aliyense wokumana nane pa Mitundu azindipatsa ulemu wa katswiri wounika mabuku. Ndamaliza mabuku awiri a Chingerezi, onse a nkhani zoopsa, ndipo ndikadapuma. Kwa munthu amene Chingerezi chinamutsazika pa mayeso a JCE, amenenso kadzidzi akalira padenga amasunga mkodzo mpaka tambala wachiwiri, imeneyi si ntchito yamasewera.

Wondiputa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku Bunda kuno. Tinamutumiza kuti akaphunzire za nthaka ndi ziweto, koma iye akapeza mpata amakhalira kuwerenga za mizukwa.

"Atsibweni, paja inu mumati simuopa kanthu?"

Mawuwo ndinawanenadi, koma ndinawanena masana, nditakhuta. Poti panali ana, ndinangolandira bukulo ndi manja awiri.

Dzina lake ndi Carmilla. Analemba ndi Sheridan Le Fanu wa ku Ireland, ndipo linatuluka m'chaka cha 1872, zaka 25 Bram Stoker asanatulutse Dracula uja mumamuonera m'mavidiyo. Nkhani yake ndi ya mtsikana wina, Laura, wokhala ndi bambo ake m'chinyumba chachikulu ku Styria m'dziko la Austria. Tsiku lina ngolo ya akavalo ikugubuduzika pafupi ndi pakhomo pawo, ndipo mayi wa m'ngolomo akuwasiyira mwana wake wamkazi, Carmilla, kuti amusungire miyezi itatu. Bambo aja akumulandira. Osafunsa mudzi, osafunsa mfumu yake, ngakhale kalata ya ku mpingo. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu chakuthwa chake chinali m'kamwa.

Maganizo anga oyamba monga katswiri ndi akuti namapopa ameneyu ndi waulesi. Amadzuka dzuwa litapendeka, n'kumwa kapu ya chokoleti, basi tsiku latha. Kuno sakanatha sabata. Mlendo wogona mpaka masana amayi a kunyumba kwanga, Nabanda, amamusesera pakhomo dala mpaka fumbi limudzutse. Zoopsa za kwathu n'zolimbikira ntchito. Mfiti ya kuno, monga amanenera odziwa, imanyamuka pa lichero usiku, kukafika ku Johannesburg popanda pasipoti, n'kubwerako m'mawa kudzapalira fodya. Ndondocha imalima munda wa mwini wake osapempha ndi mchere womwe. Ndiye wina azindiopseza ndi chokoleti?

Ndikunena izi tsopano kunja kukuwala. Usiku umene ndinafika poti Carmilla wasanduka chimphaka chakuda n'kulumphira pabedi la Laura, mphaka wathu anagwetsa mbale kukhitchini. Nabanda akuti ndinaitana amayi anga, amene anatisiya kalekale.

Pali chinthu china chimene katswirine chinandidutsa. M'bukumo atsikana awiriwo sasiyana. Kugwirana manja, kupsopsonana pamasaya, kuuzana mawu okoma mpaka tsamba kutha. Ine ndinkangoti koma chinjira chake ndi chimenechi, akanakhala a kuno bwenzi akugulirana zitenje zofanana. Nditamufotokozera mphwanga uja, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Atsibweni, chimenecho si chinjira. Carmilla akumufuna Laura. Bukuli limatchuka ndi zomwezo."

Thukuta linandiyamba. Ndinakumbuka za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene khoti la ku Blantyre linawagamula zaka 14 m'chaka cha 2010, mpaka Bingu wa Mutharika anachita kuwakhululukira. Ndinakumbukanso kuti mu 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linati lamulo loletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha likhalebe. Ndinamufunsa monong'ona ngati wowerenga nayenso amalowa m'gulu. Anati ayi. Komabe bukulo ndinalikutira ndi pepala la kalendala ya mpingo, poti mphwangayo akuphunzira za mbuzi, osati za malamulo.

Nkhani yokoma sugona nayo wekha. Loweruka ndinakaitula pa bawo kuseri kwa msika. Nditanena kuti mtsikanayo amayamwa anthu magazi, madoda onse anagwedeza mitu, wina n'kuti zimenezo n'zodziwika. Nditati amasanduka mphaka, anati zazing'ono, kwawo kuli nkhalamba imasanduka fisi. Nditati anakamupeza m'bokosi la maliro, atafa zaka zoposa 100 koma thupi lili see, mkulu wina wopalasa kabaza anati zoterozo zinachitikapo cha ku Nathenje, msuweni wake anaona ndi maso. Ku Nathenje n'kwathu, ndipo sindinamvepo, koma ndinavomera kuti ndisaoneke mbuli ya kwathu komwe.

Kenaka ndinati mtsikanayo ankakonda mtsikana mnzake.

Bawo inaima. Bambo wina wachikulire, wa jekete ngakhale kutenthe, analavula malovu n'kunena kuti bukulo ndi labodza, zoterozo kulibe, azungu amangopeka. Anthu amene anameza mphaka, fisi ndi mtembo wosaola popanda madzi anatsamwa ndi kugwirana manja. Ine ndinafuna kufunsa za Maliya wa gule wamkulu, amene amatuluka kudambwe atavala chitenje ndi mikanda, akudikula m'chiuno mpaka amayi kululuta. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona maso a anthu, n'kukumbuka mtengo wa mbuzi masiku ano. Maliya ndi chilombo chochokera kumanda, ndatha ine.

Buku lachiwiri, lochokera kwa mphwanga yemweyo, ndi Pet, la Akwaeke Emezi wa ku Nigeria, la m'chaka cha 2019. Ili Chingerezi chake n'chachifundo, dikishonale inapumako. Muli mwana wina, Jam, amene atabadwa anthu ankati ndi mnyamata, koma ali ndi zaka zitatu anauza makolo ake kuti iye ndi mtsikana. Ndinakonzeka kuti tsopano ayamba kumera mano. Ayi ndithu. Makolowo anangomva, moyo n'kumapitirira. Mumzinda wawo wa Lucille akuluakulu amaphunzitsa ana kuti zilombo zinatha kalekale. Ndiye chinthu china cha nyanga ndi zikhadabo chikutuluka m'chithunzi chimene amayi a Jam anajambula, n'kunena kuti chabwera kudzasaka chilombo chimene chikubisala m'nyumba ya mnzake wa Jam.

Ndinawerenga ndikukayikira aliyense wachilendo. Mapeto ake chilombocho ndi munthu wolemekezeka wa pabanja pomwepo, amene ankazunza mwana mobisa anthu akumuombera m'manja. Chilombocho ndi malume.

Malume! Mwana amene ndimamugulira sopo ndi shuga potsegulira sukulu wasankha buku m'mabuku onse a padziko, n'kupatsa atsibweni ake loti chilombo ndi atsibweni. Ndinamufunsa ngati pali chimene akufuna kundiuza. Anati palibe, koma ndiganizire bwino. Ndaganizira, ndipo ngakhale zikundiwawa ngati malume, wolembayo sananame. Milandu ya ana imene timamva pa wailesi kawirikawiri wogwidwa sakhala wotsika m'ngolo ya akavalo. Amakhala wodziwa pamene pamakhala kiyi wa nyumbayo. Le Fanu anatenga mtsikana wokonda mosiyana ndi anzake n'kumupatsa mano, kenaka amuna a m'nkhanimo anamukhoma chikhomo pamtima, kumudula mutu, kumuwotcha, phulusa n'kutaya mumtsinje, onse n'kukagona mtima uli m'malo. Emezi wakana kutipatsa tulo totsika mtengo chotero.

Za kukayikira mlendo ndikuzidziwa bwino, paja ine pano ndi mkamwini. Poopa kutha batire ya tochi ya m'nyumba, ndinkawerengera kukhitchini pakati pa usiku ndi kuwala kwa foni, ndikutchula mawu mokweza kuti ndiwamve. Alamu anga ataona kamoto kobiriwira ndi kumva munthu akung'ung'udza chilankhulo chosadziwika, m'mawa mwake mudzi wonse unali utadziwa kuti mkamwini wa ku Nathenje wayamba kutamba. Ana anasiya kudzapempha moto. Ndinayesa kuwauza kuti lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mawu anatuluka opyapyala, ndipo apongozi anati ndi mfiti yokha imene ingaloweze lamulo lotero. Anandipulumutsa ndi Nabanda, amene anauza abale ake kuti mwamuna woperekezedwa kuchimbudzi ndi mkazi wake sangakwere lichero. Ndinapambana mlandu, ulemu n'kutsalira pabwalo pomwepo.

Tikuseka, koma mu 2017 mphekesera ya anamapopa itabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, namapopa sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Amene anapezeka ndi anthu ophedwa ndi anzawo chifukwa chowakayikira, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Ine ndi kabuku kanga ka magazi ndikanakhala kumeneko, bwenzi danga lino mukuwerenga za mpira.

Chigamulo changa nachi. Carmilla ndikumupatsa theka, chifukwa cha ulesi ndi Chingerezi chothyola nsagwada. Pet wakhoza, koma wolembayo apepese kwa amalume osalakwa. Ndipo alembi athu atithandize. J.W. Gwengwe anatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe, ija ya mbalame yoimba kuulula wopha m'bale wake, imene inkatiimitsa tsitsi tili ana. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, ya Africa wa zaka mazana zikubwerazo, koma m'Chingerezi. Tilembereni zoopsa m'Chichewa, muikemo anthu a mitundu yonse amene tili nawo m'midzimu, kuti munthu azichita mantha popanda kuyamba watsegula dikishonale.

Pomaliza, inu achikulire a jekete amene munalavula malovu pa bawo, kenaka n'kunditsatira kuseri kwa chigayo kudzabwereka Carmilla kuti mukaone kukula kwa bodzalo: mwezi watha tsopano. Mwini wake akulifuna, bwezani.