Ulemerero wa Sokosi Yoluka Pamanja

Sokosi yoluka pamanja ndi chovala chapamwamba chimene chimagwira ntchito yake pansi penipeni. Jekete amaliyamikira pa ukwati, chitenje amachitamanda ku msonkhano wa amayi, koma sokosi imasenza munthu wathunthu kuchokera ku Machinjiri mpaka ku Limbe popanda woithokoza. Imatchulidwa pa zifukwa ziwiri zokha: ikabooka ndi ikanunkha.

Nyengo ya ufumu wake mu Blantyre ndi June ndi July, pamene chiperoni chimakuta phiri la Ndirande ndi la Soche, simenti ya m'nyumba n'kuzizira mpaka kulowa m'mafupa. Apo ndi pamene bambo wa ku Bangwe, amene chaka chonse amaseka mkazi wake kuti akutaya nthawi ndi ulusi, amafunsa motsitsa mawu kuti masokosi aja ali kuti.

Luso loluka ndi singano linafika kuno ndi azungu a mishoni. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, ndipo ntchito zamanja zimene atsikana ankaphunzira kumeneko zinafalikira kudzera m'masukulu ndi m'magulu a amayi monga Mvano. William Lee wa ku England anapanga makina oluka masokosi kalekale mu 1589, ndipo lero a kaunjika mu msika wa Ndirande amagulitsa masokosi pa mtengo wosafika ngakhale wa ulusi wake. Komabe woluka pamanja sanagonje, chifukwa amadziwa chinthu chimodzi: sokosi ya m'belo inalukidwira phazi la munthu wosadziwika, pamene yake imalukidwira phazi lokhala ndi dzina, ming'alu yake ndi chala chake chokhota.

Zipangizo zake n'zochepa. Pamafunika singano zinayi kapena zisanu zosongoka mbali zonse, ndipo zikasowa, masipoko a njinga onoledwa pa mwala amalowa m'malo popanda manyazi. Ulusi umagulidwa m'sitolo, apo ayi umachokera ku juzi lakale limene amalimasula, kulichapa ndi kulikulunga. Choncho masokosi ambiri a ku Zingwangwa anayamba moyo wawo pachifuwa cha munthu ku Ulaya, asanakwezedwe pa udindo wopita kuphazi.

Kuluka kumayambira kukamwa kwa sokosi. Woluka amagawa masitichi pa singano zitatu kapena zinayi n'kumazungulira ndi yotsalayo, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, kuti pakamwapo pazitanuka ndi kugwira mwendo. Gawo la mwendo lilibe vuto. Limalukika pamaliro, pa mzere wa kusikelo, ngakhale mkati mwa miseche.

Pachidendene ndi pamene pamaonekera akatswiri. Phazi la munthu limakhota, pamene choluka chimafuna kupita chowongoka, ndiye wina ayenera kugonja. Woluka amasiya theka la masitichi likudikira, n'kuluka theka linalo chopita ndi chobwerera mpaka patatuluka kansalu kophimba kumbuyo kwa chidendene. Kenaka amaluka mizere yaifupi yosafika kumapeto, uku akuphatikiza masitichi awiriawiri nthawi iliyonse akamatembenuka, mpaka kansalu kaja kapindike kukhala kachikho. Akatero amatola masitichi m'mbali mwa kansaluko, kuwalumikiza ndi amene anadikira aja, n'kumawachepetsa pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri kufikira chiwerengero chitabwerera mwakale. Pa mphindi zimenezi mwana salira, mlendo saodira, ndiwo zimapserera pambaula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woluka amene waphonya sitichi imodzi amamasula ntchito ya madzulo onse.

Muyeso wa phazi sufuna tepi. Mwini phazi amaitanidwa, amavula nsapato, n'kulowetsa phazi pakati pa singano zosongoka zija ali chete, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Palibe telala wina m'dziko muno amene makasitomala ake amamumvera chotere. Pakatsala masentimita pafupifupi 5 kuti afike kunsonga ya chala chachikulu, woluka amayamba kuchepetsa masitichi kumanja ndi kumanzere. Otsalawo amawalumikiza ndi singano yosokera m'njira yosasiya msoko wokhula zala, njira imene inapatsidwa dzina la Lord Kitchener, amene anali mkulu wa asilikali a Britain. Si zovala zambiri zimene zili ndi ubale ndi kazembe wankhondo.

Sokosi ikatha, woluka amalandira mphoto yake: kuyambiranso, popeza mapazi ndi awiri. Yachiwiri iyenera kufanana ndi yoyamba, chinthu chimene chimachitika mwa apo ndi apo. Ulusi ukathera panjira, chala chimodzi chimatuluka chofiira, chinzake chobiriwira, ndipo nsapato imasunga chinsinsi.

Masokosi aulemu kuposa onse ndi a makanda. Mayi wopita kukachira ku Gogo Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth, salephera kulongedza timasokosi ndi kachipewa, chifukwa mwana wobadwa kumene, makamaka wobadwa masiku asanakwane, amataya kutentha kwa thupi msanga. Awa okha ndiwo masokosi amene saponda pansi, ndipo amapuma pa ntchito akadali atsopano.

A akuluakulu amatha pomwe anavutira kulukidwa, pachidendene. Wosamala amalowetsa babu lakupsa m'kati mwa sokosi kuti bowo litambasuke, n'kulitseka ndi ulusi wopingasa. Zigamba zikachuluka kuposa sokosi yeniyeniyo, gawo la mwendo amalimasula kuti ulusi wake ulowe mu ina, ndipo gawo la phazi limapatsidwa ntchito yomaliza yopaka polishi pakhonde.