Wawa a Mang'ina

Pa ziwalo zonse za ng'ombe palibe chimene chinakhetsa thukuta ngati phazi, komanso palibe chimene chimanyozeka ngati ilo. Nyama ya pamsana moyo wake wonse inkangonyamulidwa ngati mfumu pamachila, koma lero ndi imene amaikulunga bwinobwino m'masitolo a ku Chichiri, n'kuipatsa dzina lachingerezi ndi mtengo wodula mtima. Phazi limene linaponda minga ya ku Nsanje, matope a m'mbali mwa Shire ndi ndowe za m'khola ku Chikwawa amangoliponya pakona limodzi ndi mutu ndi matumbo. Ndiye poti akuluakulu angoti chete, ine ndavula chipewa, ndagwada, ndikuwomba m'manja: wawa a Mang'ina.

Inu si ndiwo ya munthu wapaulendo. Poyamba muwaulidwe pamoto, ubweya upserere, fungo lilengeze kwa mzere wonse wa nyumba ku Ndirande kuti kwa a uje lero kwalowa mlendo wolemekezeka. Kenako mupalidwe, mutsukidwe, mudulidwe ndi nkhwangwa, chifukwa mpeni inu mumangouseka. Mukatero ndiye mukhale pambaula maola 5 kapena 6, osafulumira, ngati mfumu yomva mlandu wa malire a munda. Makala amene mumatha pa tsiku limodzi akanaphika nyemba za sabata yathunthu. Phiri la Ndirande linameta mpala, la Soche likutsatira; ine sindikuloza munthu chala, koma nkhope yanu ndikuiona pakati pa ofunsidwa.

Ndipo pamapeto pa ntchito yonseyi, nyama ili kuti? Apa ndiye pagona ukulu wanu. Ena amalonjeza zambiri n'kupereka zochepa. Inu simulonjeza kanthu. Chikopa, mtsempha, fupa, basi. Koma moto wa maola aja umasungunula mitsempha ija mpaka msuzi kulemera, kuchita ndaa pamilomo, ndipo ukazizira umagwirana ngati phala logona. Munthu amayamwa fupa, kuligogoda pambale, kulisuzumira ngati muli ndalama, n'kuyamwanso, maso ali tsinzi. Ndinaonapo bambo wamkulu, wandevu zake, akukambirana ndi kafupa kamodzi kwa theka la ola, nkhani za mpira zitamuthawa, ngakhale tsiku limenelo Bullets inali itakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium.

Okunyozani sadziwa kuti muli ndi abale kunja, ndipo kumeneko ndi mabwana. Ku Armenia, dziko lamapiri lochita malire ndi Turkey, Georgia, Azerbaijan ndi Iran, mapazi a ng'ombe omwewa amawatcha khash, dzina lochokera ku mawu awo otanthauza kuwiritsa. Amawaviika m'madzi ozizira, n'kuwaphika usiku wonse popanda mchere. Kukacha m'mawa, tambala asanapume, abambo amasonkhana, aliyense n'kudzithirira mchere ndi adyo wosinja, n'kufumbutiramo buledi wawo wopyapyala wouma wotchedwa lavash mpaka msuzi ulimbe, vodka ali pambali. Ena amakwera mpaka ku nyanja ya Kari pa phiri la Aragats, mamita opitirira 3,000 m'mwamba, kukadya mapazi basi. Amasimba kuti kale chinali chakudya cha amphawi, otola zimene olemera ataya. Mbiri yanu yomweyo, a Mang'ina, kungoti anzanuwo anakwezedwa pantchito.

Ali ndi lamulo lawo: khash adyedwe m'miyezi yozizira yokha, imene dzina lake lili ndi chilembo cha r, kuyambira September mpaka April. Kwathu kuno chiperoni chimakuta Limbe mu Juni ndi Julayi, koma poti kwa ife r ndi l ndi pachibale, Julayi walowa kale m'gulumo, ndipo Juni tamulowetsa mwachifundo. Miyezi yotsalayo sitinaifunse n'komwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bungwe la UNESCO linalemba lavash pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2014, ndipo nsima yathu inalowa mu 2017. Zabwino, tinavina. Koma onse awiriwa ndi operekeza chabe. Alemba ankhoswe, mkwati amusiya panja.

Nanga udokotala wanu? Carlsberg atatsegula fakitale yake mu Blantyre muno mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, matenda a Lamlungu m'mawa anapeza likulu. Pitani ku Kamba, ku Chirimba, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, mukaone odwala matsire ali pamzere kuseri kwa malo omwera, maso ali psuu, akudikira mayi wa poto wamkulu wakuda. Mankhwala ake ndi chidutswa chimodzi, msuzi wodzaza, ndi tsabola wa kambuzi woti munthu akumbuke machimo ake onse. Wodwala amatuluka thukuta, amamina, amati wachira, ndipo posonyeza kuti wachiradi amaitanitsa botolo lina.

Pamaso panu palibe bwana. Wa ku Namiwawa amaponya tayi kumsana, kupinda malaya, n'kukhala pabenchi limodzi ndi kondakitala wa minibasi ya Limbe. Foloko inu simuidziwa. Amene anayesapo anakatola fupa lake pansi pa tebulo la eni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nyama ya pamsana ija inatitsanzika osatembenuka, koma inu munatsala nafe. Ndisabise, nanunso mwayamba kudzimva masiku ano: chidutswa chikunka chichepa, mtengo ukunka ukula, ndipo mayi wa poto akamatunga msuzi dzanja limanjenjemera ngati akupereka magazi ake. Sindikudandaula. Mfumu ikakweza mtengo wa chindapusa, anthu ake amangowomba m'manja.

Dzulo lomweli ndinali nanu ku Chilomoni. Fupa lomaliza ndinaponyera galu wa pamalopo. Analinunkhiza, n'kundiyang'ana ngati akufunsa chimene ndamusiyira, n'kuchoka. Foni inalira kanayi m'thumba, amayi a kunyumba akundifuna, koma zala zinali zitamatirirana, ndipo sopo pamalopo anali atatha.